Kaseweredwe ka rummy: ndalemba kamodzi kuti musandifunsenso

Chiyambireni June uja, pomwe kuzizira kwa kuno ku Ulongwe kunayamba kutilowetsa m'nyumba dzuwa likangolowa, anthu akhala akundifunsa chinthu chimodzimodzi, achimwene tiphunzitseni rummy ija mumasewera ndi alamu anu. Ndafotokozapo pa baraka, ndafotokozapo mu chapa popita ku Tete mpaka kukamwa kuuma, wina anachita kundiimbira foni usiku ali pakati pa gemu kuti ndiweruze mlandu wa Asi. Nde ndaona kuti bola ndilembe, wofunsanso ndizingomutumizira izi basi.

Rummy ilipo yamitundumitundu, imene ndikuphunzitseni pano ndi yophweka ija ya baralyo imodzi, kapena kuti paketi imodzi ya makhadi, ya anthu awiri mpaka 6. Cholinga chake nchimodzi, makhadi akuthereni m'manja anzanu asanathe awo. Ndipo ndineneretu, ife sitiyikapo ndalama, ngakhale metikali imodzi. Malume anga atationa koyamba anakalipa kuti mwayamba njuga pakhomo pano, koma ataona kuti timangolemba manambala m'kope la mwana wasukulu anakhala pansi, pano ndi iwo amene amatiitana.

1. Werengani baralyo musanachite china chilichonse

Baralyo ndi paketi yonse ya makhadi, ndipo rummy imafuna onse 52. Izi zikumveka ngati zachibwana koma m'nyumba zambiri kuno baralyo ili ndi makhadi 40 okha, chifukwa sueka ndi biska, masewera ena a makhadi, zimaseweredwa popanda 8, 9 ndi 10, anthu amachotsa makhadi 12 amenewo n'kuwasiya pawindo, ana n'kutola, basi apita. Mukayamba rummy ndi baralyo yotero mukhala mukudikira 8 yemwe anakathera kudzala chaka chatha. Yalani pamphasa mtundu uliwonse pawokha, muone kuti ndi 13, 13, 13, 13.

Mitundu yake ndi inayi ndipo mayina timatchula kuno anachokera ku Chipwitikizi. Kopa ndi wofiira wooneka ngati mtima, oru ndi wofiira wa ngodya zinayi, espada ndi wakuda wosongoka ngati mkondo, pau ndi wakuda wa timasamba titatu. A timati Asi, K ndi Rei, Q ndi Dama, J ndi Valeti. Majoka awiri aja abwezereni m'kabokosi kaye, mudzawatulutsa mukadzazolowera.

2. Iwalani za sueka

Amene sanagwirepo makhadi amaphunzira rummy msanga kuposa akatswiri a sueka, ndaziona ndi maso anga. Ku sueka 7 ndi bwana wachiwiri kwa Asi, ali ndi maponto 10, ndipo Valeti amaposa Dama. Ku rummy zonsezo kulibe. 7 ndi 7 basi, amakhala pakati pa 6 ndi 8. Mndandanda wake ndi A, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 8, 9, 10, J, Q, K, muone bwino kuti J amabwera Q asanafike. Kulibe trunfo, mtundu uja wodya mitundu inayo, kulibe khadi lodya linzake, kulibe mnzako wapatsidya woti uzimutsinzinira diso. Aliyense ndi mutu wake. Ndipo khadi lalikulu kuno si chuma, ndi ngongole, muona kutsogoloku.

3. Dziwani zimene mukumanga

Makhadi amachoka m'manja akakhala m'magulu, ndipo magulu ovomerezeka ndi awiri okha.

Trinka ndi makhadi atatu kapena anayi a nambala imodzi, mwachitsanzo 9 wa kopa, 9 wa pau ndi 9 wa espada. Sekwensiya ndi makhadi atatu kapena kuposa apo otsatizana, a mtundu umodzi, monga 4, 5, 6 onse a oru. Pa mawu oti mtundu umodziwa ndi pamene ambiri amagwera, munthu amatsitsa 4 wa oru, 5 wa kopa, 6 wa oru akuti onse ndi ofiira. Ayi ndithu, kufiira si mtundu. Khadi limodzi silingagwirenso ntchito ziwiri, 9 wa kopa akalowa mu trinka sangawerengedwenso mu sekwensiya ya 8, 9, 10.

Za Asi zimene anandiimbira usiku zija yankho lake ndi ili: mu rummy wamba Asi ndi wamng'ono, ndi 1. A, 2, 3 ndi sekwensiya, Q, K, A si sekwensiya pokhapokha mutagwirizana musanayambe, ndipo K, A, 2 musalole, mzerewo suzungulira.

4. Panganani malamulo makhadi asanagawidwe

Mikangano yonse ya rummy imene ndaona imachokera apa, chifukwa nyumba iliyonse ili ndi timalamulo take, wina anaphunzirira ku Moatize, wina kutsidya ku Dedza, wina pafoni. Tengani mphindi ziwiri mufunsane. Asi akhoza kukhala pamwamba pa K kapena ayi? Munthu angatsitse magulu angati pa ulendo umodzi, limodzi lokha kapena onse amene ali nawo? Angamate khadi pagulu la mnzake asanatsitse lakelake? Pomaliza ayenera kutsala ndi khadi lotaya kapena akhoza kungotsitsa onse? Mpikisano uthera pa maponto angati?

Patebulo pathu Asi ndi wamng'ono, magulu umatsitsa onse amene ukufuna, kumata umamata utatsitsa kaye lako, khadi lotaya pomaliza silokakamiza, ndipo timathamangira 100. Sindikuti athuwa ndiye olondola, koma sankhani ndipo musasinthe pakati pa gemu chifukwa choti zakuipirani.

5. Kugawa

Wogawa asakanize bwino, wa kudzanja lake lamanja adule, kenako agawe limodzilimodzi kuyambira kwa wa kumanzere kwake. Ena anazolowera kuzungulira chakumanja, palibe mlandu bola kugawa ndi kusewera kuzipita mbali imodzi. Mukakhala awiri aliyense alandire 10, atatu kapena anayi alandire 7, asanu kapena 6 alandire 6. Otsalawo aikeni pakati chafufumimba, umenewo ndi mulu. Tembenuzani lapamwamba muliike pambali pake poonekera, apo ndiye padzala, ena amati lishu.

6. Ikafika nthawi yanu

Zinthu zake zimayenda motere ndipo sizisinthana malo. Choyamba tengani khadi limodzi, kaya lapamwamba pamulu lomwe simukulidziwa, kaya lapamwamba padzala lomwe aliyense akuliona. Lapamwamba lokha, osafukula pansi. Kenako ngati muli ndi trinka kapena sekwensiya ndipo mukufuna, tsitsani patebulo. Kenako ngati pali khadi lokwanira pagulu lomwe lili kale pansi, lanu kapena la wina, matani, mwachitsanzo pansi pali 4, 5, 6 a oru inu muli ndi 7 kapena 3 wa oru, kapena pali ma 9 atatu inu muli ndi wachinayi. Pomaliza tayani khadi limodzi padzala. Mukataya mwatha, dzanja lichoke, zoti aaa dikirani ndaiwala kutsitsa sizimveka.

Kutenga ndi kutaya ndi zokakamiza, kutsitsa ndi kumata ndi kufuna kwanu. Khadi lomwe mwatola padzala simungalitayenso ulendo womwewo. Ndipo ongoyamba kumene amakonda kuiwala kutenga, amangofikira kutaya, pakapita maulendo awiri ali ndi makhadi 5 m'malo mwa 7 osatsitsa kanthu. Muziwerenga m'manja mwanu.

Mulu ukatha wina asanamalize, siyani khadi lapamwamba padzala, otsalawo atembenuzeni akhale mulu watsopano. Ena amasakaniza ena ayi, ichinso panganani.

7. Kutaya, apa nde pagona nkhani

Ofotokoza ambiri akafika apa amangoti tayani khadi lomwe simukulifuna, n'kupitirira. Koma funso lenileni ndi lomwelo, losafunikalo ndi liti? Kutenga pamulu ndi mwayi, simungachitepo kanthu. Kutaya ndi nzeru zanu zokha ndipo alamu anga amandidya pafupipafupi osati chifukwa makhadi amawakonda, koma amataya bwino.

Yambani ndi kuwerenga makomo. Ndikati khomo ndikunena khadi lomwe likabwera gulu lanu likwana. Muli ndi 6 ndi 7 a kopa, makomo ndi awiri, 5 ndi 8 a kopa. Muli ndi ma 7 awiri, makomo ndi awirinso, ma 7 otsala aja. Muli ndi 6 ndi 8 a kopa, khomo ndi limodzi, 7 wa kopa yekha m'baralyo yonse. Muli ndi Q ndi K a espada, khomo ndi limodzinso, J, popeza pamwamba pa K palibe kanthu, ndipo uku mwanyamula maponto 20. A ndi 2 chimodzimodzi akudikira 3 yekha, kungoti awo ndi opepuka, maponto atatu basi. Anthu amakakamira Q ndi K chifukwa amaoneka okongola m'manja, zithunzi za mafumu, koma ndi awiri oipitsitsa amene mungasunge.

Chokoma kwambiri ndi pamene makhadi atatu agwirana ngati mafuwa. Onani 7 wa kopa, 8 wa kopa ndi 7 wa espada. Pamenepa 6 wa kopa akwaniritsa, 9 wa kopa akwaniritsa, 7 wa oru akwaniritsa, 7 wa pau akwaniritsanso. Makomo anayi pa makhadi atatu okha. Zoterezi musaphwasule msanga. N'chifukwa chakenso makhadi apakati ali ndi ntchito kuposa am'mphepete, 7 akhoza kulowa mu 5, 6, 7 kapena 6, 7, 8 kapena 7, 8, 9, pamene K ali ndi njira imodzi yokha ya J, Q, K.

Tiyeni tiyese ndi makhadi enieni. Muli anayi, m'manja mwanu muli 7 ndi 8 a kopa, 7 wa espada, K wa pau, Q wa oru, 4 wa oru ndi 2 wa pau. Mwatenga pamulu, wabwera 9 wa pau. Mutaya chiyani? Atatu oyamba aja sakhudzidwa. K ndi Q ndi osiyana mitundu, sakudziwana n'komwe, aliyense ndi maponto 10. 9 wa pau akuoneka ngati wayandikira 8 koma ndi wa mtundu wina, musanyengedwe. Ine ndiyamba ndi K, ulendo wotsatira Q, kenako 9. 2 ndi 4 akhale kaye, alibe anzawo inde, koma wina akamaliza mwadzidzidzi angondipweteka ndi maponto 6, komanso ang'onoang'ono amapeza pomata kumapeto.

Koma musanaponye K uja, yang'anani munthu amene amasewera pambuyo panu. Ndi iye yekha amene angatole chomwe mwataya, enawo sachifikira chifukwa chikhala chitakwiririka. Nde pa anthu onse patebulo, wofunika kumuyang'anitsitsa ndi mmodzi. Ngati ulendo wathawu anatola K padzala, K wanu asatuluke, tayani Q. Akatola 6 wa pau ndiye kuti mwina akusonkhanitsa ma 6 kapena akumanga mzere wa pau, choncho ma 6 onse ndi 4, 5, 7, 8 a pau ndi owopsa kumupatsa. Zimene akutaya zimalankhulanso, wataya 10 wa espada ndiye kuti ma 10 sakuwafuna kwenikweni, 10 wanu akhoza kudutsa. Zimene wasiya osatola nazonso muzisunge m'mutu.

Izi zikutanthauzanso kuti inuyo mukatola padzala mwaulula chinsinsi chanu. Musamatole chifukwa choti khadilo likuoneka ngati lingadzathandize. Tolani ngati likukwaniritsa gulu pompo, kapena ngati likusandutsa makomo awiri kukhala anayi. Kupanda apo pitani pamulu, palibe amene adziwe chomwe mwapeza.

Kenako pali makhadi akufa. Muli ndi ma 9 awiri mukudikira wachitatu, koma wina anatayidwa kalekale ndipo wina ali mu sekwensiya ya munthu patebulo. Mukudikira chiyani? Anthu amakhala nawo mpaka gemu kutha, maponto 18 a ulele. Khomo likatsekeka phwasulani nthawi yomweyo. Kuwerenga komweku kumakuuzaninso khadi losaopsa kutaya, ngati ma 9 awiri apita kale palibe angapange trinka ya 9, ndipo ngati 8 ndi 10 a pau anatayidwa ndiye kuti 9 wa pau alibe mzere woti alowemo. Kungoti kumbukirani kuti dzala likatembenuzidwa akufa aja amadzuka.

Musaganize kuti nthawi ndi yambiri. Anthu anayi a makhadi 7 atenga 28, limodzi lili padzala, pamulu patsala 23 okha. Ndiye kuti aliyense atengapo kasanu kapena ka 6 mulu n'kutha, ndipo kawirikawiri wina amamaliza usanathe. Ine ndimati ndikazungulira katatu zithunzi zija zisanapeze anzawo, zizipita, ngakhale zili ziwiri zofanana.

Cholakwa chochititsa manyazi kwambiri ndi kutaya khadi lomwe likanamatika patebulo. Pansi pali 4, 5, 6 a oru, inu maso ali m'manja mwanu mokha, mwaponya 7 wa oru, wotsatira watola, wamata, wamatanso 8 wake, wamaliza. Musanataye, maso ayende kaye pa magulu onse ali pansi. Ndipo ngati simunaloledwe kumata chifukwa simunatsitse lanu, khadi limenelo ligwireni, musalipereke.

Kanyambo kamodzi ndikupatseni, alamu asamve kuti ndaulula. Mukudikira 6 wa kopa kuti akwanire pa 7 ndi 8, ndipo muli ndi 6 wa pau wopanda ntchito. Tayani ameneyo. Amene amasewera inu musanasewere aona kuti ma 6 simukuwafuna, ndipo ngati ali ndi wa kopa akuponyerani yekha. Kwa munthu wosayang'ana patebulo sizigwira, kwa wochenjera zimagwira kamodzi kapena kawiri kenako akutulukirani kkkk.

8. Kutsitsa pompo kapena kubisa?

Gulu likakwana simukakamizidwa kulitsitsa. Mukatsitsa, maponto amenewo achoka pamutu panu, koma mwatsegulira anzanu pomata, makamaka sekwensiya yapakati ngati 6, 7, 8 yomwe ili ndi pomata mbali zonse ziwiri. Trinka ilibe vuto kwenikweni, imangolandira khadi limodzi. Mukabisa, anzanu asowa pomata, komanso pali mphotho, munthu akatsitsa makhadi ake onse ulendo umodzi asanatsitsepo kapena kumatapo kalikonse, ameneyo wachita rummy ndipo maponto ake amawirikiza kawiri.

Mphotho imeneyi yapweteketsa ambiri, ine ndemwe. Tsiku lina ndinali ndi J, Q, K a kopa ndi ma 8 atatu, ndikudikira kakhadi kamodzi kuti ndigwetse zonse anthu akuwe, mlongo wanga anangomata awiri ake n'kutaya lomaliza. Ndinawerengetsa 54 ya magulu okwana kale, n'kuwonjezerapo kotsala kaja. Gulu lomwe lili m'manja silikutetezani, limawerengedwa ngati ena onse. Nde ngati mukuphunzira kumene, tsitsani mukangopeza. Mukazolowera mukhoza kubisa maulendo awiri oyamba, koma mukangoona wina watsala ndi makhadi atatu kapena awiri, gwetsani zonse zomwe zingagwe ndipo muyambe kutaya akuluakulu osayang'ananso makomo.

9. Kumaliza ndi kuwerenga maponto

Woyamba kutha makhadi wapambana gemuyo. Otsala onse ayale zomwe ali nazo poyera, osangonena pakamwa. K, Q ndi J ndi 10 lililonse, Asi ndi 1, ena onse ndi nambala yomwe yalembedwapo. Tinene kuti wina watsala ndi K, 9 ndi A, ndi 20. Wina 4 ndi 2, ndi 6. Wina Q awiri, 7 ndi 5, ndi 32. Wopambana alemberedwa 58, ndipo akanakhala kuti wachita rummy ikanakhala 116, mpikisano wa 100 n'kuthera pomwepo. Nyumba zina zimalemba mosiyana, aliyense amalemberedwa ngongole yake ndipo wofika pa 100 ndiye watuluka. Zonse zimayenda. Wolemba akhale mmodzi ndipo kope likhale poonekera. Kugawa kumapita kwa wotsatira.

Mukadzafuna kulowetsa majoka, joka amaimira khadi lililonse lomwe likusowa pagulu, koma panganani mtengo wake akakutsalirani m'manja, ife timamuika pa 15.

Kwa amene mukuphunzitsa ana kapena amayi kunyumba, gemu ziwiri zoyamba sewerani makhadi ali poyera pamphasa, aliyense aziona za mnzake, ndipo munthu asanataye anene chifukwa chake. Zimachedwa koma za makomo zija zimalowa tsiku lomwelo.

Chotsala ndi cha pafoni, chifukwa ena mwandionetsa kale kuti achimwene foni yanga ikukana zomwe munanena. Muziona dzina la gemu yomwe mwatsitsa. Gin rummy ndi ya anthu awiri, makhadi 10, magulu satsitsidwa pakati pa gemu, umagogoda patebulo kuti gemu ithe makhadi ako osagwirizana akatsika kufika maponto 10 kapena kuchepera. Ya ku India ija ndi ya makhadi 13, ili ndi majoka ndipo imafuna masekwensiya awiri, imodzi yopanda joka. Kanasta, yomwe inayambira ku Uruguay, ndi buraku yotchuka ku Brazil ndi za banja lomweli koma zimadya mabaralyo awiri. Ndipo zambiri za pafonizo zimafika pokupemphani kuti muikemo ndalama, zikatero ine ndimafufuta, ndimakatenga baralyo yanga ya 60 metikali ndi kope lija.